Kwawo kwa Botolo

Fomu ikufunsa: katunduyu kwawo n'kuti?
Ndaima pa kauntala ya a msonkho m'tauni,
cholembera chobwereka chikunditerera m'zala.

Tsabola ndi kambuzi wa ku Bvumbwe,
ndinakamusankha ndekha kusanache, chifunga chili tolo.
Mchere unalowera pa Mwanza.
Botolo linabadwira ku Joni.
Chotsekera chake chinawoloka nyanja
m'kontena imene inagona masabata asanu pa doko la Beira.
Viniga sindikudziwa,
wogulitsa wa ku Limbe ukamufunsa amangoloza shelefu.
Koma manja awa, otuwa, oyabwa mpaka usiku,
ndi a ku Ndirande, ku Goliyo,
kuseri kwa okhoma zidebe.

Mnyamata wa tayi akuti, mayi Nasiyaya, werengerani.
Pa kwacha zana lililonse la mtengo wa botololi
makumi atatu ndi zisanu zikhale zobadwira kuno.
Zikakwana, botolo ndi Mmalawi,
ku Lusaka likalowa ngati mwana wa mlongo, osagogoda.
Zikaperewera ndi mlendo,
alipire pa chipata.

Ndafunsa za thukuta.
Sanaseke. Waloza mzere wachisanu ndi chiwiri:
malipiro a antchito.
Ndati wantchito ndine ndemwe, bambo,
ndipo chiyambire sindinalandirepo.

Dziko lathu lili pa mitala.
Nyumba ya Komesa ili ndi miyambo yake,
ya Sadiki nayo yake,
ndiye kwabwera wamng'ono, pangano la Afirika yense,
amene anamuvinira pa wailesi chaka chathunthu
koma kuno sanayambe kuphika.
Iliyonse ili ndi fomu,
iliyonse chidindo cha mtundu wake.

Usiku Ndaziona waimba kuchokera ku Zomba
kumene akuwerenga malamulo ndi ndalama za tsabola yemweyu.
Akuti amayi, bwalo lalikulu la malonda ku Geneva
oweruza apilo kulibe,
mipando ikungodya fumbi.
Mayiko olemera akayambana
amangokwezerana misonkho
ngati anthu a ku Namiwawa okwezerana mipanda,
wina njerwa zitatu, mnzake zisanu ndi waya pamwamba.
Tsono lamulo la mawa, akuti,
lizilembedwa m'timagulu, anansi okhaokha,
ngati banki m'khonde.

Banki m'khonde ndimaidziwa, mwanawe.
Imayenda bwino
mpaka tsiku limene wosunga bokosi
akhala yemwenso ali ndi ngongole yaikulu.
Mayunitsi atha tisanamalize.

Lachinayi ndinabwerera. Netiweki yagwa.
Lachisanu bwana wosaina ali ku msonkhano ku Mangochi
wokambirana zofewetsa malonda.
Ku Wenela, Sakwata wa basi wandiimbira kawiri:
makatoni anu akwera kapena ndiike matumba a wina?
Ku Lusaka mayi wa lesitilanti amene analawa kamodzi
n'kukhetsa misozi akuseka
wasiya kuyankha mauthenga.

Ndakhala pa khonde, magetsi atapita,
mabotolo makumi anayi ndi asanu ndi atatu
ali ndandanda ngati ana a sukulu odikira katemera.
Kuseri kwa lisiti ya madzi ndawerengera katatu.
Tsabola, makala, lendi ya shedi,
pepala lomata losindikizidwa ku Ginnery Corner.
Makumi atatu ndi zinayi.
Kwacha imodzi yokha
pakati pa mwana wa pakhomo ndi mlendo.

Galu wa aneba wauwa, wasiya.
Phiri la Ndirande lili bii, silinasainepo kanthu.

Ndatsegula kope la bizinesi,
lija la mafuta m'makona,
pansi pa mchere ndi viniga
ndalemba mzere umene sunakhalepo zaka zisanu ndi zinayi:
malipiro a Esinta Nasiyaya, wophika.
Dzanja lanjenjemera poika nambala,
ngati ndikuba m'nyumba mwanga momwe.

Ndawerengeranso.
Makumi anayi ndi imodzi.

Lolemba ndikalawirira,
ndi cholembera changa.